Kodi Wolemba Pulogalamu Azilumbira kwa Compiler? Mtsutso wa restrict ndi Liwiro la Ma Loop

Pakati pa anthu olemba mapulogalamu a kompyuta pali mkangano umene unayamba kutentha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndipo mpaka pano sunazirale. Funso lake ndi lakuti: kodi wolemba pulogalamu azilonjeza compiler kuti ma pointer ake saloza malo amodzi mu memory, n'cholinga choti compiler ifulumizitse ma loop, kapena lonjezo lotere ndi msampha woyenera kuulambalala? Nkhaniyi ikutikhudza ngakhale kuno ku Chongwe. M'boma lino muli Chalimbana University, muli kampasi ya University of Lusaka ku Silverest, ndipo ana a m'masekondale akuphunzira za kompyuta. Mwa iwowa mudzatuluka anthu olemba mapulogalamu a m'mafoni, a m'mabanki ndi a m'makina oyezera madzi ndi nyengo, ndipo amene adzalowe mozama m'chinenero cha C adzakumana ndi mawu akuti restrict n'kufunika kusankha chochita nawo. Ine ndikuima pakuti lonjezoli n'loyenera kuperekedwa, koma pamalo ochepa, munthu atayeza kaye, ndiponso pokhapokha ataika mlonda woona kuti silikuswedwa. Otsutsa ali ndi mfundo zolemera, ndipo ndiziika pambalambanda monga zilili ndisanaziyankhe.

Compiler ndi pulogalamu imene imasandutsa zimene munthu walemba kukhala malamulo amene purosesa imatsatira. Pointer ndi nambala yosonyeza pamene chinthu chasungidwa mu memory. Siinyamula chinthucho, imangoloza pamene chili. Aliasing imachitika ma pointer awiri akamaloza malo amodzi kapena malo olowererana. Aliyense amene waona mmene malo akugulitsidwira m'mbali mwa msewu wa Great East, pamene mzinda wa Lusaka ukusefukira chakum'mawa, akudziwa vuto la anthu awiri okhala ndi mapepala a puloti imodzi. Mmisiri amene sakudziwa ngati pulotiyo ili ndi mwini wina sangakande matope ambiri n'kumanga mothamanga; amayala mzere umodzi wa njerwa, n'kuima kuti aone ngati wina sanabwere kudzasintha zimene wayala. Compiler nayo imatero. Ikalemba nambala kudzera mu pointer imodzi, imaganiza kuti mwina yasinthanso nambala imene pointer ina ikuloza, choncho imabwerera ku memory kukawerenganso zimene inali nazo kale. Mawu akuti restrict ali ngati kalata yolumbira imene mwini puloti amapatsa mmisiri, yonena kuti palibe wina amene ali ndi pepala la malowa. Mmisiri akailandira amamanga osacheuka, ndipo ngati kalatayo ndi yabodza, nyumba imaima pamalo a wina.

Loop ndi gawo la pulogalamu limene limabwereza ntchito imodzi kambirimbiri. Tiyeni tione loop imodzi pafupi. Function, kagawo ka pulogalamu koitanidwa ndi dzina, yalandira ma pointer atatu, a, b ndi c, ndipo ikuchita c[i] = a[i] + b[i] kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto kwa mndandanda. Purosesa zamakono zimatha kuphatikiza manambala angapo ndi lamulo limodzi. SSE ya Intel ndi NEON ya ARM, imene ili m'mafoni ambiri amene tikuyenda nawo, zimanyamula ma bit 128, kutanthauza manambala 4 a mtundu wa float. AVX imanyamula 8, ndipo AVX-512 imanyamula 16. Choncho compiler imafuna kuwerenga manambala 4 a mu a, 4 a mu b, kuphatikiza kamodzi, n'kulemba 4 mu c. Koma tiyerekeze kuti a ndi b zadzaza ndi nambala 1 yokhayokha, ndipo woitana function wapereka c woloza malo achiwiri a mu a momwemo. Loop ikayenda chimodzichimodzi monga inalembedwera, yankho loyamba, 2, ligwera pamene ulendo wachiwiri ukawerenge, ndiye mayankho atuluka 2, 3, 4, 5. Ikagwira 4 pakamodzi, iwerenga 1, 1, 1, 1 isanalembe kanthu, ndipo mayankho atuluka 2, 2, 2, 2. Compiler siloledwa kusintha yankho la pulogalamu yolondola. Ikapanda kutsimikiza kuti c ali payekha, iyenera kuyenda chimodzichimodzi kapena kudzitchinjiriza mwa njira ina.

Wina angafunse kuti bwanji compiler osangofufuza yokha. Nthawi zina imaterodi, makamaka ikamaona function pamodzi ndi oiitana ake onse. Koma kawirikawiri function imamangidwa payokha, ndipo woiitana ali mu fayilo ina, kapena adzalembedwa zaka zingapo m'tsogolo ndi munthu wina. Kuwonjezera apo, vutoli lili ndi malire amene masamu anaika. William Landi mu 1992 ndi G. Ramalingam mu 1994 anasonyeza kuti palibe njira imene ingayankhe molondola, pa mapulogalamu onse, ngati ma pointer awiri adzakumane pamalo amodzi. Njira zimene ma compiler amatsamira, monga ya Lars Andersen ya 1994 ndi ya Bjarne Steensgaard ya 1996, zimangoyerekeza mosamala. Zimapereka mayankho atatu: sakumana, akumana, kapena mwina. Ndipo kwa compiler yosamala, mwina ndi chimodzimodzi ndi inde. Apa ndi pamene mtsutso wonse wagona, chifukwa pali chinthu chimene munthu wolemba function akuchidziwa bwinobwino, koma makina sangachipeze ngakhale atafufuza motani.

Chinenero cha Fortran, chimene John Backus ndi anzake ku IBM anatulutsa mu 1957, chinathetsa nkhaniyi ndi lamulo. Malamulo ake amaletsa woitana kupereka malo amodzi kudzera m'maina awiri ngati limodzi la mainawo lilembedwe. Compiler ya Fortran imangokhulupirira kuti lamulolo latsatidwa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Fortran inatchukira pa mawerengedwe olemera. Mapulogalamu akuluakulu olosera nyengo, monga WRF ya ku America ndi IFS ya bungwe la ECMWF ku Ulaya, analembedwa mu Fortran. Amagawa mlengalenga m'timagawo mamiliyoni, n'kuzungulira pa kagawo kalikonse kuwerengera mphepo, kutentha ndi chinyezi, mobwerezabwereza. M'dera lathu lino, limene Asoli, motsogozedwa ndi Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, amachita mwambo wa Chakwela Makumbi wopempha mvula, ndiponso limene linalawa chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February 2024, palibe amene angafunse phindu la ulosi wa mvula. Ulosi wa mawa ukatuluka mkuja ulibe ntchito, ndipo kuti utuluke nthawi yake pamafunika ma loop othamanga.

C inayenda njira ina. Dennis Ritchie anaipanga ku Bell Labs kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti ilembe Unix, ndipo anapatsa ma pointer ufulu waukulu woloza paliponse. Komiti ya X3J11 ikukonza malamulo oyamba a C, inalowetsa mawu akuti noalias chakumapeto kwa 1987. Ritchie mwiniwake analemba kalata yamphamvu mu 1988 yofuna kuti mawuwo achotsedwe, ponena kuti tanthauzo lake linali losokonekera ndipo likanavuta ngakhale ma function a mu library ya C yeniyeniyo. Anachotsedwadi, ndipo C ya 1989 inatuluka opanda mawuwo. Patapita zaka khumi, C99 inabweretsa restrict, lonjezo lopapatiza kuposa loyamba lija. Likunena kuti pa nthawi imene function ikugwira ntchito, chinthu chilichonse chimene chikusinthidwa n'kufikiridwa kudzera mu pointer iyi sichifikiridwa kudzera mu pointer ina yosachokera kwa iyo. Zongowerengedwa sizikhudzidwa: mu loop yathu ija a ndi b akhoza kukhala mndandanda umodzi popanda vuto, bola c akhale payekha. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi memcpy, function yokopera zinthu mu memory, imene ma pointer ake awiri ali ndi restrict, pamene mnzake memmove alibe chifukwa amalola malo olowererana.

Ovomereza restrict amayambira pa mfundo ya chilungamo cha ntchito: amene akudziwa ndiye anene. Wolemba function yosakaniza mawu a nyimbo ziwiri, kapena yosintha mtundu wa chithunzi, amadziwa kuti malo otulukira ndi osiyana ndi olowera. Kubisira compiler zimenezi n'kuilamula kuti igwire ntchito yodziteteza ku ngozi imene kulibe. Liwiro limene limatayika pamenepo silikhudza olemera okha. Amene ali ndi kompyuta yatsopano chaka chilichonse sangamve kusiyana, koma wophunzira amene akugwiritsa ntchito laputopu yakale, kapena mlimi amene foni yake ndi yotsika mtengo, amakumva m'manja. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo ntchito yambiri inkadalira batire ndi sola. Purosesa ikamaliza msanga mawerengedwe imabwerera kukapuma msanga, ndipo nthawi zambiri batire imakhalitsa. Ovomerezawa amawonjezera kuti restrict imathandizanso munthu wowerenga code. Akaona float *restrict c pamutu pa function, wadziwa pomwepo kuti sayenera kupereka malo olowererana, pamene popanda mawuwo lamulo lomwelo likanakhala m'mutu mwa wolemba yekha.

Mfundo yawo yachiwiri ikukhudza chitetezo chimene ma compiler amadziikira. Ma compiler a GCC ndi Clang akakayikira, amatha kumanga ma loop awiri, yothamanga ndi yoyenda chimodzichimodzi, n'kuika mayeso kutsogolo oona ngati malowo akulowererana pa nthawi imene pulogalamu ikuyenda. Pa loop yaitali yokhala ndi ma pointer atatu mayesowo ndi otchipa. Koma amakwera mtengo loop ikakhala yaifupi ndipo ikuitanidwa kambirimbiri, amakulitsa pulogalamu, ndipo amachuluka msanga. Loop yolemba m'mindandanda 3 n'kuwerenga ina 4 ingafune mayeso ofika 15, chifukwa uliwonse wolembedwa uyenera kuyerekezedwa ndi ina yonse. GCC ili ndi malire a mayeso oterewa, amene mwachizolowezi ndi 10, ndipo akapitirira imangoisiya loop osaifulumizitsa. Kuyambira GCC 12 ya 2022, kugwira manambala angapo pakamodzi kumayatsidwa ngakhale pa mlingo wofulumizitsa wa -O2, koma mosamala kwambiri, moti compiler imapewa kumanga ma loop awiri. Pamenepo kukayikira za aliasing kokha n'kokwanira kulepheretsa ntchito yonse. Palinso zina zimene mayeso sathandiza kwenikweni, monga kusunga nambala mu register, kamalo kosungira ka mkati mwa purosesa, m'malo mobwerera ku memory ulendo uliwonse, kapena kusintha dongosolo la kuwerenga ndi kulemba kuti purosesa isadikire.

Otsutsa amayamba ndi funso limodzi: ndani amaona ngati lonjezo lasungidwa? Mu C, palibe. Compiler imakhulupirira restrict osafunsa umboni, ndipo lonjezo likasweka pulogalamu imalowa m'zimene akatswiri amatcha undefined behaviour, kutanthauza kuti malamulo a chinenero sanenanso chimene chichitike. Choopsa n'chakuti kawirikawiri sipaoneka vuto msanga. Pulogalamu imayenda bwino poyesa, imayenda bwino chaka chathunthu, kenako compiler yatsopano kapena purosesa ina imagwiritsa ntchito lonjezolo mokwanira, manambala n'kuyamba kulakwika mwakachetechete. Zinaonekera poyera mu 2010, pamene glibc, library ya C ya pa Linux, inalandira memcpy yothamanga imene pa mapurosesa ena inkakopera kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro. Flash Player ya Adobe inali ikuitana memcpy ndi malo olowererana, ndipo pa Linux ya Fedora 14 mawu anayamba kumveka mophwanyika. Linus Torvalds anaumirira kuti memcpy ingochita monga memmove, popeza ovutika anali anthu wamba amene sanalakwe kanthu, pamene osamalira glibc ankati malamulo a C ndi omveka ndipo wolakwa ndi woitana. Pamapeto pake glibc 2.14 inakonza zoti mapulogalamu omangidwa kale azilandira kukopera kotetezeka. Otsutsa amati akuluakulu sananame ponena kuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Amabweretsanso mboni zolemekezeka. Malamulo a MISRA C, amene anayambira m'makampani opanga galimoto ku Britain ndipo amatsatidwa m'mapulogalamu ambiri okhudza moyo wa anthu, amaletsa restrict mu lamulo 8.14 la 2012. Amene amayenda pa Great East kapena kukwera ndege pa bwalo la Kenneth Kaunda, limene lili m'boma lomwelino, angakonde kuti pulogalamu ya mabuleki kapena ya injini ichedwe pang'ono kusiyana n'kuti ichite zosadziwika. Komiti ya C++ mpaka pano siinalowetse restrict m'malamulo ake, ngakhale GCC, Clang ndi compiler ya Microsoft zimapereka __restrict paokha. Kernel ya Linux imamangidwa ndi -fno-strict-aliasing, kutanthauza kuti olemba ake anakana lamulo lina la C lolola compiler kuganiza kuti ma pointer a mitundu yosiyana, monga int ndi float, sakumana. Ndipo ngakhale ma compiler enieniwo anapunthwapo. Chinenero cha Rust chitayamba kuuza LLVM, maziko a compiler yake, kuti ma reference ake osinthika ali paokha, munapezeka zolakwika mu LLVM zimene zinkatulutsa code yolakwika kuchokera ku pulogalamu yolondola. Olemba Rust anazimitsa uthengawo kangapo, ndipo unayatsidwanso mu 2021 ndi Rust 1.54. Ngati akatswiri omanga compiler analakwitsa, akutero otsutsa, nanga wophunzira wa chaka chachiwiri?

Mfundo yawo yachitatu ndi yakuti phindu limakokomezedwa. Gene Amdahl anasonyeza mu 1967 kuti kufulumizitsa gawo limodzi kumathandiza molingana ndi kukula kwa gawolo. Pulogalamu ikamatenga masekondi 100, ndipo loop yathu ikudyapo 10 okha, kuifulumizitsa ka 8 kupulumutsa masekondi osakwana 9. Ma loop ambiri sachedwa chifukwa cha kuphatikiza, amachedwa podikira manambala kuchokera ku memory, ndipo pamenepo kugwira 8 pakamodzi kumangofikitsa purosesa msanga pamzere wodikira. Mapulogalamu ochuluka a tsiku ndi tsiku, monga otumizira ndalama pafoni, amathera nthawi yawo akudikira netiweki ndi database, kumene restrict ilibe chochita. Komanso pali njira zopezera phindu lomwelo osalumbira. Loop imene imawonjezera pa *total ulendo uliwonse imakakamiza compiler kulemba ku memory nthawi zonse, poopa kuti total akuloza mkati mwa mndandanda womwewo. Wolemba akangosonkhanitsa mu variable ya mkati mwa function n'kulemba ku *total kamodzi pomaliza, compiler imaona yokha kuti palibe wina angakhudze variable-yo, ndipo palibe lonjezo limene laperekedwa. Otsutsa amati njira yotere, imene compiler ingaitsimikize yokha, ndiyo yoyenera kuphunzitsidwa.

Ndikayeza mbali ziwirizi, ndikuvomereza mfundo yachitatu ya otsutsa pafupifupi yonse, koma ndikuona kuti ikutiuza pamene restrict siyenera kuikidwa, osati kuti isaikidwe konse. Masamu a Amdahl omwewo amatembenuka: loop ikamadya masekondi 80 mwa 100, kuifulumizitsa ka 4 kutsitsa ntchito yonse kufika pa masekondi 40. Mapulogalamu a zithunzi, a mawu, a nyengo ndi a luntha lochita kupanga ali ndi maonekedwe oterewa, pamene ma loop ochepa amadya pafupifupi nthawi yonse. Pa umboni wa Linux, tiyenera kulekanitsa zinthu ziwiri zimene zimasakanizidwa. Strict aliasing ndi lonjezo limene chinenero chimaperekera wolemba aliyense pa code yonse, iye asakudziwa n'komwe, ndipo GCC imayamba kulidalira pa -O2. N'zomveka kuti olemba kernel, amene amaona ma byte amodzimodzi m'mitundu yosiyanasiyana, analikana. Koma restrict imalembedwa ndi dzanja, pa pointer imodzi, pamalo oonekera kwa aliyense wowerenga. Amene akudandaula ndi malonjezo obisika ayenera kukonda lonjezo lolembedwa poyera, chifukwa lingathe kufufuzidwa, kukanidwa ndi mnzako wowunika code, ndi kuchotsedwa popanda kusintha tanthauzo la pulogalamu yolondola.

Nkhani ya Flash ndi ya Rust nazonso zikuphunzitsa zosiyana ndi zimene otsutsa amatengapo. Lamulo loletsa malo olowererana mu memcpy linalipo kuyambira C ya 1989, restrict isanabadwe. Chimene chinasowa ndi mlonda, moti kulakwa kunakhala zaka osaoneka. Zida monga Valgrind ndi AddressSanitizer zimagwira memcpy yotere poyesa, ndipo GCC ili ndi chenjezo la -Wrestrict limene limagwira zina zoonekeratu. Za Rust, zolakwika za mu LLVM zinaululika chifukwa Rust inkapereka uthengawo pa ma function ambirimbiri, pamene olemba C ankaupereka mwa apo ndi apo. Zitakonzedwa, opindula anali onse ogwiritsa ntchito LLVM, a C omwe. Chachikulu n'chakuti olemba Rust sanataye lingalirolo ngakhale linawavutitsa zaka zingapo, chifukwa anaona kuti compiler yodziwa zoona za ma pointer imagwira ntchito yabwino. Chimene anasintha ndi malo a udindo: mu Rust, gawo la compiler lotchedwa borrow checker limakana kumanga pulogalamu imene ili ndi njira ziwiri zosinthira chinthu chimodzi nthawi imodzi, kupatula m'zigawo zolembedwa unsafe. Umboni wonsewu ukuloza kumodzi. Vuto silili pa kuuza compiler zoona, lili pa kulonjeza popanda woyang'anira.

Choncho wolemba C, amene chinenero chake sichimupatsa woyang'anira, ayenera kumumanga yekha, ndipo ndondomeko yake si yovuta. Ayambe wayeza ndi chida monga perf kuti adziwe loop imene ikudyadi nthawi. Kenako afunse compiler chifukwa chimene yalephera, kudzera mu -fopt-info-vec-missed pa GCC kapena -Rpass-missed=loop-vectorize pa Clang, popeza chopinga chikhoza kukhala china; mwachitsanzo compiler siisintha yokha dongosolo lophatikizira manambala a float, chifukwa yankho lingasinthe pang'ono, ndipo restrict siithetsa zimenezo. Ngati chopinga ndi aliasing, ayese kaye kukonza code, monga kugwiritsa ntchito variable ya mkati. Zikakanika, aike restrict pa function yaing'ono yamkati imene anthu akunja saiitana, ndipo pakhomo pake aike function ina yoona ngati malo akulowererana, yotumiza ntchito ku njira yotetezeka akalowererana. Kuyesa kamodzi pakhomo kumatchipa kusiyana ndi mayeso obwerezedwa pa loop iliyonse yamkati. Pomaliza ayerekeze mayankho a pulogalamu yomangidwa pa -O0 ndi ya pa -O3, ayezenso liwiro. Likapanda kusintha, restrict ichotsedwe, chifukwa ngozi yopanda phindu ilibe chifukwa chokhalira.

Patsala chitsutso chimodzi chimene sindingachithetse kotheratu. Code imakhala nthawi yaitali kuposa amene anailemba. Mawa kudzabwera wina wofuna kupulumutsa memory, adzaganiza mwanzeru ndithu zolemba mayankho pamwamba pa manambala olowera, n'kupereka c wofanana ndi a. Pa loop yathu yosavuta ija mwina mayankho adzatuluka olondola, koma lonjezo lasweka, ndipo pa loop yovutirapo adzalakwika. Mlonda wapakhomo amachepetsa ngoziyi, koma munthu akhoza kumulambalala. N'chifukwa chake ndikugwirizana ndi MISRA pamalo amene inalembedwera: pamene kulakwa kwa nambala kungaphe munthu, ndipo purosesa ili ndi nthawi yokwanira, restrict isalowe. Koma kutenga lamulo la mabuleki n'kuliika pa pulogalamu yokonza zithunzi kapena yowerengera mvula n'kulephera kusiyanitsa ntchito. Ngozi ya wobwera m'tsogolo iliponso pa malamulo ena onse a C amene compiler siiyang'anira, monga kukula kwa mndandanda ndi nthawi yomasula memory, ndipo sitinasiye kugwiritsa ntchito mindandanda chifukwa cha zimenezo. Tinaphunzira kulemba malamulowo poyera ndi kuwayesa.

Kwa aphunzitsi ndi ophunzira a ku Chongwe, mtsutsowu uli ndi phindu loposa liwiro. Zida zonse zimene ndatchula, GCC, Clang, perf, Valgrind ndi Rust, n'zaulere ndipo zimayenda pa kompyuta wamba, moti wophunzira angathe kulemba loop ya manambala ija, kuimanga ndi restrict ndiponso popanda, n'kuona ndi maso ake mmene malamulo a purosesa asinthira ndi mmene 2, 3, 4, 5 asandukira 2, 2, 2, 2 lonjezo likasweka. Amene wachita zimenezi wamvetsa memory, wamvetsa zimene compiler ingadziwe ndi zimene siingadziwe, ndipo waphunzira kuti mawu alionse a mu code ali ndi udindo wake. Kumuletsa restrict kumamusiya osadziwa chifukwa chimene pulogalamu yake ikuchedwera, ndipo kumulimbikitsa kuimwaza paliponse kumamuphunzitsa kulumbira pa zimene sanafufuze. Aphunzitsidwe kuyeza asanalonjeze, kulonjeza zochepa, ndi kuika mlonda pa chilichonse chimene walonjeza. Pa ntchito yatsopano imene ikufuna liwiro ndi chitetezo pamodzi, asankhe chinenero chimene chimayang'anira lonjezolo chokha. Pa code ya C imene ilipo kale, imene ndi yochuluka ndipo sichoka posachedwa, restrict ndi chida choyenera m'manja mwa munthu amene wachita zonsezi.